Masiku Anayi Pashopu ya a Gondwe

A Misheck Gondwe anali ndi shopu yokhoma masofa ku Chibavi, ndipo kale munkagwira amisiri asanu ndi awiri. M'zaka ziwiri zokha anayi anachoka. Atatu analowera ku Joni, ndipo Jasper, katswiri wopala matabwa, anabwerera kudimba lake la tomato ku Mzilawaingwe. Anatsala Lusungu wosoka nsalu, ndi Brave ndi Timothy okhoma matabwa. Koma maoda sanachepe, choncho a Gondwe anawonjezera Loweruka lonse, nthawi zina ndi Lamulungu lomwe akaweruka kutchalitchi.

Tsiku lina mphunzitsi wina anabweza sofa yomwe anagula. Sanalankhule zambiri, anangokhalapo pamaso pa onse. Sofayo inapendekera kumanzere chifukwa mwendo umodzi unali waufupi, ndipo maluwa a pansalu yake anali ozondoka.

A Gondwe anapepesa mpaka pakamwa kuuma. Kasitomala atachoka anatembenukira antchito awo, koma Lusungu anawayamba.

"Adada, musakalipe. Mwendowo anadula Brave akusinza, maluwawo ndinazondotsa ndine. Tatopa chomene. Bwanji tiyese kugwira masiku anayi pa sabata?"

"Anayi?" a Gondwe anatero, maso ali tong'o. "Anthu akundisowa, iwe ukuti ndichotsenso masiku?"

"Nanga Lachisanu timagwira chiyani, adada? Uyu wapita kumaliro, uyu kusikelo ndi mwana. Loweruka timangophwasula zomwe tinalakwitsa Lachinayi. Masikuwo timakuberani kale. Ingotipatsani poyera."

Brave anayang'ana pansi. Timothy anakhosomola, pakuti amalume ake omwewo anali atamwalira kawiri chaka chimenecho. A Gondwe anafuna kukalipa, koma chimene chinatuluka ndi kuseka.

"Mwezi umodzi basi," anatero. "Seveni koloko hamala izikhala ikulira, mafoni m'thumba. Zikakanika, tibwerera zakale."

Sabata yoyamba ntchito inayenda mpaka utuchi kufika m'akakolo, ndipo palibe anapempha kupita kulikonse. Koma Lachisanu a Gondwe anavutika. Anadzuka m'mamawa, navala ovolosi, n'kukumbukira ali pachipata kuti shopu ndi yotseka. Tsiku lonse anangozungulira pabwalo, kukhoma mipando yosathyoka, mpaka akazi awo a Mabel anawabisira hamala. Makasitomala awiri anaimba foni kudandaula kuti apeza loko pakhomo, ndipo mmodzi anakagula kwina. Zimenezo zinawapweteka mtima ndithu.

Lolemba la sabata yachitatu anafika pashopu n'kupeza munthu atakhala pamulu wa matabwa, beseni la tomato lili pambali. Anali Jasper.

"Mwawuka uli, adada? Ndamva kuti kuno mwayamba kugwira ngati anthu."

"Wadzatiseka?"

"Ayi. Ine ntchito sindinaide, koma tomato salola kumusiya masiku asanu ndi limodzi. Ngati ndi anayi, lero lomwe ndiyamba. Mlamu wanganso amasoka, anangosiya chifukwa cha ana."

A Gondwe anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Yewo, yewo chomene!" Tomatoyo anagawana onse, ndipo sabata imeneyo masofa anatuluka ochuluka kuposa m'mene ankatulukira akugwira mpaka Loweruka. Palibe ngakhale imodzi inabwezedwa.

Lachisanu lomaliza la mweziwo a Mabel anawaponyera malaya ochapa. "Valani, a Gondwe. Mwana wanu Tina akusewera mpira wamanja kusukulu masana ano. Zaka zitatu ali mutimu, simunamuonepo."

Anapita monyinyirika, n'kuima kumbuyo kwa anthu manja ali m'thumba. Malamulo a masewerowo sankawadziwa. Koma ataona mtsikana wamtali akudumpha, kuwakha mpira ndi kuuponya m'goli mosaphonya, anafunsa akazi awo kuti, "Ameneyu ndi wathu uja?"

Atagoletsa kachiwiri, a Gondwe anali atafika kale kutsogolo. Kachitatu anathamangira m'bwalo, chipewa chili m'mwamba, akufuula kuti, "Mwana wane uyo! Mwana wane!" Woyimbira anaimitsa masewero kuti awatulutse, ana asukulu akugubuduka ndi phwete. Tina anabisa nkhope m'manja, koma mapewa ake ankagwedezeka ndi kuseka.

Timu yake inagonja ndi zigoli ziwiri. A Gondwe sanasamale. Pobwerera anagulira atsikana onse a mutimu chimanga chootcha, ndipo njira yonse ankalangiza Tina kaponyedwe ka mpira ndi mawu osasa, iye akungovomera kuti, "Inde, adada."

Lolemba m'mawa Lusungu anafunsa ngati mwezi woyesa uja watha.

"Watha," a Gondwe anayankha monong'ona, pakuti mawu anali asanabwerere. "Timothy, tenga penti ulembe pachitseko kuti timatsegula Lolemba mpaka Lachinayi. Ulembe zilembo zikuluzikulu."