Bodza la pa Manda a Zephaniah

"Mkulu wa mpingo! Atate anakhala liti mkulu wa mpingo?" anafunsa Esnath uku akupinda mphasa zimene anagonapo anthu a pamaliro.

Nevers, mlongo wake, anangoti zyoli, maso ali pa nsapato. Panali patapita masiku atatu chiikireni bambo awo, a Zephaniah Mwanza, kumanda a ku Kabwe kuno. Tsiku la maliro, Nevers monga mwana woyamba ndiye anawerenga mbiri ya malemu. Poona mabwana ake a ku ofesi ya boma ataima kutsogolo ndi masuti awo, pakamwa panaterereka. Anati malemu anali mkulu wa mpingo wolemekezeka. Abusa anangotsokomola.

Koma komboni yonse ya Bwacha inkadziwa zoona zake. Chibwerereni kuchokera ku Petauke, dziko lisanalandire n'komwe ufulu, a Zephaniah sanakhalepo pa benchi ya akulu. Mapemphero akafika pa ulaliki, iwo ankatuluka ndi ana kukawaphunzitsa mawu a m'Baibulo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Zaka makumi awiri, ntchito yomweyo! Nevers zinkamunyansa. Bambo wamkulu, wa imvi zake, kumapukuta mamina ana a eni?

"Ndinangofuna kuwalemekeza," anatero motsitsa mawu.

"Awe, munadzilemekeza nokha. Munachita nawo manyazi ali moyo, manje mwachita nawo manyazi ali m'bokosi. Amama sanadye kuyambira tsiku lija. Mawa ndi Sabata, mukaime pamaso pa mpingo mukakonze." Esnath anamuponyera pamiyendo Baibulo la malemu, lakuda bii ndi zala za ana.

M'mawa mwake Nevers anafikadi pa khomo la tchalitchi, koma atamva nyimbo sanalowe. Mwamuna wamkulu ndi tayi yake anazembera kuseri ngati wakuba nkhuku. Kumeneko anapeza ana oposa makumi awiri atakhala pa fumbi. Ulaliki unali usanayambe, koma iwo anatuluka okha, ndipo panalibe wowaphunzitsa.

Kamtsikana kena ka mano ogweluka kanalizindikira Baibulo lija m'manja mwa Nevers.

"Ndi la aphunzitsi athu ilo! Amalume, amama anena kuti aphunzitsi anali mkulu wa mpingo. N'zoona? Nanga n'chifukwa chiyani ankakhala ndi ife kuno?"

Nevers anacheuka. Mawindo a tchalitchi anali otsegula, ndipo amayi a pa benchi ya kumapeto anali atatembenuka kale.

"Si zoona," anayankha mokweza. "Ndinanama ndine. Anali mphunzitsi wanu, basi."

Anawo sanadabwe n'komwe. Anamuuza kuti analekezera pa Luka chaputala 15, pa nkhosa yotayika. Nevers anafufuza masamba mpaka anapapeza, nakonza kukhosi, nayamba kuwerenga ali chiimire monga amawerengera malipoti ku ofesi.

"Osati choncho," kanamudula kamtsikana kaja, kakukoka thalauzi lake. "Iwo sankawerenga. Ankagwada apa, n'kutembenuzira buku kwa ife, aliyense awerenge mzere wake."

Nevers anayang'ana suti yake, nayang'ananso mawindo aja. Kenako anagwada pa fumbi, natembenuza buku. Zilembo zinamuzondokera, ndipo kachala kakang'ono kanayamba kuyenda pa mzere woyamba.