Mtengo wa Gitala

Zala za Mzime zinali zitachita matuza, koma zikwama zoluka zinali zitangounjikana pampando, kudikira ogula. Ankalukira pakona pa shopu ya achemwali ake, atelala, pafupi ndi zenera pomwe netiweki imagwirako. Akamaliza chikwama ankachijambula n'kuchiponya pa foni, pansi pake n'kulemba mawu omwe ogulitsa anzake onse amalemba: "Mtengo ku inibokosi."

Mtengowo sunkakhala pamodzi. Munthu akafunsa, Mzime ankayamba watsegula chithunzi chake. Woima pambali pa galimoto, teni sauzande. Wobereka khanda, eyiti. Woika duwa ndiye ankamuzunguza mutu, poti duwa silinena za m'thumba.

"Iwe ukugulitsa zikwama kapena ukuombeza?" ankatero achemwali, mapini ali pakamwa. "Werenga ulusi, zipi, bandulo ndi msana wakowo. Basi."

"Simungamvetse inu. Bizinesi ya pa foni n'kuwerenga nkhope."

Kasitomala wodalirika anali mmodzi yekha, anamwino ena amene anagulapo ziwiri pa naini naini. Iwowa analonjeza kuti mwezi ukatha aodetsa khumi za anzawo akuntchito. Zikwama khumizo n'zimene zinkamudzutsa Mzime m'mawa. Zikatheka, akapikula ulusi katoni yathunthu, asiye zogula kampukutu kamodzikamodzi ngati wopemphetsa.

Lachiwiri masana kunalowa uthenga wa nambala yachilendo. Pachithunzi panali mnyamata atakumbatira gitala, akuyang'ana kumbali ngati akumvetsera mvula yakutali.

"Manja amene analuka zimenezi Mulungu awasunge. Chofiiracho n'zingati?"

Mzime anawerenga katatu. Miyezi inayi anthu akungolemba "zingati" ndi "tsitsaniko", panalibe amene anatchulapo manja ake. Asanayankhe n'komwe anali atamuona kale mnyamatayo ataima pakhomo la shopu, gitala kumsana, akufunsa kuti wolukayo ndi uti. Chala chinangolemba chokha: "Sikisi."

"Sikisi?" achemwali anali atasuzumira. "Ulusi wokha ndi faifi! Wakudyetsa chiyani ameneyu?"

"N'kukopa kasitomala kumeneko."

"Wokopedwa ndiwe, mwana iwe."

Wagitalayo sanabwere. Lachitatu Mzime anasesa pakhomo kawiri, khosi linachita kuwawa n'kucheuka. Lachinayi ndi anamwino aja amene analemba, atatumiza ndi chithunzi cha macheza onse, manja odalitsidwa aja ali pomwepo.

"Uyu ndi mlongo wanga. Ndinamutuma afunse, poti anzanga akuti naini yachuluka. Ndiye ine ndinalakwanji, mwanangu? Yunifolomu? Khumi zija ndikuzifunabe, koma pa mtengo wa gitala."

Mzime anavundikira foni pamwendo. Achemwali anali atawerenga kale, koma sanaseke, ndipo kusasekako kunapweteka kuposa kuseka. Makina osokera anangopitiriza kulira.

Akavomera, ndiye kuti masabata atatu a zala zotupa, phindu lake losakwana ngakhale mafuta opaka pa matuzawo. Akakana, katoni ija yapita, mwina ndi anamwino omwe. Anatsegulanso chithunzi chija, nthawi ino n'kuchikulitsa. Anali mnyamata wamba chabe, kolala yopindika, ndipo gitalayo inalibe chingwe chimodzi.

"Achemwali," anatero ndi mawu otopa, "zipi mumagula zingati?"

Achemwali analavulira mapini m'dzanja, anatenga choko cholembera nsalu, n'kuyamba kulemba patebulo pomwepo. Atafika pa msana anakangana pang'ono, Mzime akuti msana wake ndi wodula, achemwali akuti msana wa mwana sunayambe kudula. Anathera pa eyiti.

Mzime analemba pang'onopang'ono: "Pepani mayi, ndinalakwitsa konsekonse, kwa inu ndi kwa alongo anu. Ndi eyiti. Kwa inu, kwa gitala, kwa aliyense." Kenako anapita pa zithunzi zonse, chimodzichimodzi, kufufuta "ku inibokosi" n'kuikapo nambala poyera.

Timizere tiwiri ta pansi pa uthengawo tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti awerenga. Yankho linabwera dzuwa litachoka pazenera, achemwali akupinda nsalu.

"Zinayi zokha. Enawo akuti aganize kaye."

Zinayi. Mzime anapumira m'mwamba, anafikisa zala pa siketi, n'kutola singano yolukira.

"Katoni ija uiiwale kaye," anatero achemwali.

"Ndaiwala kale."

Sananame. Katoni inali yosavuta kuiwala. Imene inkakanirira inali mvula ija, yomwe mnyamata uja ankamvetsera.