Mkono wa Akazi a Telala

Chipatala chija chinali ndi makomo awiri, ndipo a Telala ankawadziwa onse. Khomo la kumanja linali la nyumba yatsopano imene anthu akunja anamangira odwala matenda amodzi okha, a kachilombo. Kumeneko kunali matailosi, firiji yosazima ndi mankhwala osatha. Khomo la kumanzere linali la wina aliyense, wamalungo, wothyoka mwendo, woyembekezera. Uko benchi inali yopendekera, ndipo mankhwala ankatha mwezi usanafike pakati.

A Telala sankalola munthu kunyoza khomo la kumanja. Iwo analowapo atanyamulidwa, ali mafupa okhaokha, achibale atayamba kale kunong'onezana za amene adzatenge mashini awo osokera. Lero ndi awa, kamimba kali tuu, akusoka mayunifolomu mpaka dzuwa kulowa.

Amene ankawasowetsa mtendere tsopano anali akazi awo, omwe anawasambitsa ndi kuwadyetsa nthawi yonse ya matenda. Mutu sunkawasiya, m'maso munkachita mdima, mapazi ankatupa. Kumanzere anapitako kangapo. Chipangizo choyezera kuthamanga kwa magazi chinafa kalekale, ndipo namwino wodziwa ntchito anali atasamukira kumanja, kumene malipiro sachedwa. Mayiwo ankangopatsidwa mankhwala a mutu n'kubwerera. A Telala ankaopa kuti tsiku lina adzawapeza atagwa pakhomo.

Tsiku lokatenga mankhwala a bambowo anapita awiri, pakuti lamulo la kumanja linkati wodwala azibwera ndi womuthandiza. Namwino uja, mayi wamagalasi wokonda nthabwala, anamanga lamba wa chipangizo pamkono wa a Telala n'kuyamba kupopa.

"Anamwino," anatero a Telala chapansipansi, "simungawayezeko mayi awa? Sakupeza bwino."

"Bambo, inu mukudziwa. Ichi n'cha anthu a pulojekiti. Eni ake akamva, woyankha ndine."

A Telala anazyolika. Manyazi anawagwira, ngati kuti apempha ndiwo m'mbale ya mlendo. Akazi awo anawagwira malaya kuti asiye.

Namwino anayang'ana mapazi a mayiwo, otupa mpaka zingwe za nsapato kulowa m'mnofu. Anapopanso, n'kukwinya nkhope.

"Chikundinamiza ichi. Mwina chayamba kufa. Mayi, tandibwerekani mkono wanu ndione ngati chikugwira bwino."

Mayiwo anapereka mkono. Namwino anapopa, anawerenga, ndipo nthabwala zinathera pomwepo.

"Chikugwira," anatero. "Imirirani pang'onopang'ono, mundigwire paphewa."

Anasiya mzere wa anthu uli chidikirire, anadutsa nawo pabwalo, n'kulowa kumanzere m'chipinda cha dokotala osagogoda n'komwe. Dokotala atamva, anafufuza m'kabati mpaka anapeza mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi omwe anatsala kuseri kwa makatoni. Anauza a Telala mosabisa kuti akanachedwa pang'ono, mayiwo akanafa ziwalo mbali imodzi, mwina kuposa pamenepo.

Mayiwo anawagoneka pabedi lopanda nsalu. A Telala anavula jekete n'kuwafunditsa, kenako anakhala pansi chifukwa mpando panalibe. Mtima unawawawa pang'ono poganiza kuti chifundo chachikulu chotere, chochokera kutali chonchi, chimathera pakati pa bwalo. Koma kuthokoza kunaposa. Anthu osawadziwa aja anawadzutsa iwo pamphasa, ndipo lero chipangizo chawo chapulumutsa munthu amene sanamuwerengere n'komwe.

Madzulo namwino anadzawazonda, chikwama chili paphewa. A Telala anadzuka, anagwira dzanja lake ndi manja awiri. Misozi inatsika.

"Basi, bambo, anthu akuona," anatero namwino. Anatembenukira kwa mayiwo. "Chipangizo chija ndikuchidziwa ine, mwezi wamawa chidzavutanso. Mudzabwere nawo mkono umenewu."