Mfutso pa Sola ya Dyson

Sola ya Dyson inapangidwa ku China, ankailipira pang'onopang'ono pa foni, ndipo kampani yomwe inamugulitsa inali ndi ofesi ku Nairobi. Koma maiko onsewo Dyson analibe nawo ntchito. Mtima wake unali pa Belita, amene ankabwera masana kudzatchajitsa foni ya bambo ake, a Makina.

Ku Jenala, m'boma la Phalombe, mtsikana sakhala pakhonde la mnyamata popanda chifukwa. Foniyo inali chifukwa chokwanira. Belita ankaipereka, nkuzungulira kuseri kukapatsa moni mayi a Dyson, kenako nkudzakhala pamkeka kudikira. Ndipo foniyo inkachedwa kudzaza modabwitsa, mpaka dzuwa kupendeka.

Dyson zinkamusangalatsa, kufikira tsiku lomwe a Makina anamuimitsa pamsewu. Anati sola yake ndi yaulesi, ndipo ikapitiriza chomwecho mwana wawo azipita kwa a Zubairi kumsika, komwe foni imadzaza munthu asanamalize kumwa tiyi.

Dyson anaimbira kampani ija. Mayi wina wa ku Nairobi, atayang'ana pa kompyuta, anamuuza kuti sola ilibe vuto, kungoti masana aliwonse imakhala mumdima. Anafunsanso ngati ku Phalombe kumada msanga.

Mdima masana? Dyson anakayikira a Zubairi. Anakayikira mfiti. Anakayikiranso nkhuku za mayi ake, popeza solayo inkakhala pathandala kuseri, chifukwa denga la udzu likanaimeza.

Mawa lake anabisala m'munda wa nandolo. Belita anatulukira, nkuyang'ana uku ndi uku, nkumasula kansalu, nkuyamba kuyanika khwanya pa sola yonse, tsamba ndi tsamba, mpaka galasi lonse litabisika.

"Belita, ndiwe wakhala ukundizimitsira dzuwa?"

Mtsikanayo sanathawe. "Pamenepa mfutso umauma bwino," anatero akuyang'ana pansi. "Komanso foni ikadzaza msanga, ine ndikhalira chiyani pakhonde panu?"

Dyson anatuluka m'munda wa nandolo muja. Anangomuthandiza kutembenuza masamba.

Khwanya sakanakhalapo mpaka kalekale, chifukwa a Makina anali atatopa. Choncho Dyson anatuma malume ake, a Wyson, kukagogoda kwa akuchikazi. Akuluakulu anakambirana za khalidwe, za tchalitchi, za munda wa mpunga wa ku Chilwa. A Makina ankangosisita foni yawo yomwe inali itazima. Atapatsidwa mpata, anakhosomola kaye.

"Ine ndilibe mawu ambiri, akulu. Mkamwiniyu akamadzabwera kudzamanga kuno, adzabwera ndi sola yake?"

A Wyson anavomera kuti inde.

"Basi abwere. Koma thandala lake ndimanga ndekha, lalitali, loti mwana wangayu asafikire."