Kabala ka Pansidze

Tsiku limene kalata inabwera ndinapsereza malaya a kasitomala. Mwana wanga wamkazi, amene anzake a masewera a nkhonya amamutcha Kanyundo, analowa m'chipinda chositira akuthamanga, pepala lili m'mwamba.

"Amayi, anditenga. Ndikukwera ndege."

Ndinaiwala simbi pa kolala. Ine ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu, zaka makumi awiri tsopano, ndipo ndinali ndisanapserezepo ngakhale kampango. Koma tsiku limenelo tinavina awirife pakati pa mabasiketi a zovala, utsi ukufuka kumbuyo kwathu. Anamusankha kukamenya nkhonya kumpikisano wa maiko, iye yekha mwa atsikana onse a sikelo yake.

Titapuma ndinaiwerenga kalatayo bwinobwino, poti mwanayu amawerenga mzere woyamba wokha. M'munsi munali mawu akuti dokotala adzayeza osewera onse, ndipo wopezeka ndi bala losapola kumaso sadzapita. Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana nsidze yake yakumanzere.

Kabalako kanali kakang'ono, kosaposa chikhadabo. Kanabwera pa nkhonya yomwe inamupatsa mwayiwu, mnzake atamugunda ndi mutu. Masabata atatu anali atadutsa koma kanali kakadali kotseguka. M'mawa kankaoneka ngati kakutseka, madzulo pobwera kokonzekera kali yasa, konyowa. Ndipo kuti dokotala awayeze kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri.

"Kapola aka, amayi, musadandaule."

"Unanena zomwezo sabata yatha."

Kutacha ndinamukokera kuchipatala. Anamwino anasamba m'manja, n'kumutembenuzira kuwindo.

"Mukuikapo chiyani apa?"

"Sipiriti, m'mawa ndi madzulo," ndinayankha monyadira.

"Ndiye mukuwotcha khungu latsopano, mayi. Likamati limere, inu mukulipha."

Zinandiwawa, kunena zoona. Munthu wodziwa kuchotsa banga lililonse pansalu, kuuzidwa pamaso pa mwana wako kuti ndiwe ukuononga. Koma ndinameza mate n'kumvetsera. Anati tizisamba m'manja kaye, tizitsuka ndi madzi oyera, kupukuta mofatsa m'mbali, kupaka vasilini pang'ono kuti pasaume, kenako kuphimba ndi pulasitala yatsopano tsiku lililonse. Osatokosa nkhanambo. Pakatupa, kutentha kapena kutuluka mafinya, tibwerere msanga.

"Komabe bala lakumaso silichedwa chonchi," anatero. "Pali chimene chikulikwecha."

"Palibe," anayankha Kanyundo. "Akochi amandiveka chisoti tsiku lililonse kuti lisakhudzidwe n'komwe."

Masiku atatu ndinatsatira malangizo aja ngati malamulo khumi. Ndinasintha nsalu ya pilo, ndinamuwenga zikhadabo ngati khanda, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. M'mawa uliwonse kabalako kankandipatsa chiyembekezo, madzulo kankandilanda. Mtima unayamba kukhala m'mwamba. Tsiku lachitatulo ndinatseka ntchito dzuwa likadalipo n'kumutsatira kumene amakonzekera.

Malo ake ali pamwamba pa shopu ya matayala, kukwera masitepe achitsulo. Fungo limene linandilandira pakhomo linandiuza kuti muno simunalowepo wochapa chimangireni nyumbayi. Akochi, bambo wamfupi wa mphuno yophwanyika, anandipatsa mpando mwaulemu wonse.

"Takulandirani, amayi a ngwazi. Khalani apa muone zimene munabala."

Ndinaona. Mwana wanga anali pakati pa zingwe, chisoti chachikopa kumutu, akuzemba, akuponya, mapazi osamveka pansi. Mnzake womenyana naye ankangomenya mphepo. Ndinadzidzimuka nditaimirira, chikwama chili pansi, ndikukuwa mawu amene sindingawabwereze kutchalitchi. Belu litalira anavula chisoti n'kuchiponya pabenchi, ndipo pulasitala imene ndinamata m'mawa inali itafiira.

Chisoticho ndinachitola popanda kuganiza. Wochapa aliyense chovala chikafika m'manja amayamba wachitembenuza, chifukwa kunja chimanama koma mkati chimaulula. Ndinachitembenuza. Cha pamphumi, mbali yakumanzere, chinali chitang'ambikapo kale, ndipo wina anachisoka ndi ulusi wa nsapato n'kumanga mfundo yolimba ngati kamwala. Kuzungulira mfundoyo panali mabanga osanjikizana: akuda akalekale, oderako a masiku apitawa, ndi lofiira la lero, lonyowa.

Palibe amene anandiona. Apa ndinene chilungamo, ganizo loipa linabwera, ndipo silinangodutsa, linakhala pansi. Ndikachibweza pabenchi mwakachetechete, kabalako sikapola, dokotala akana, ndipo palibe mtsikana wa dziko lina amene adzakhudze nkhope ya mwana wanga. Nkhope imene ndinaipukuta mamina, imene ndinaidzoza mafuta tsiku loyamba sukulu. Ndani akanandiimba mlandu? Ndinaima pamenepo chisoti chili m'manja.

Kenako ndinamumva akuseka kungodya, akuuza anzake kuti m'ndege adzapempha mpando wa pawindo, ndipo akakana adzakhala pa mwendo wa woyendetsa. Ndinachita manyazi mpaka kumapazi.

"Akochi, tabwerani kuno."

Atangoona chisoti chili chotembenuza anagwira kumutu.

"Mayi, chimenecho sichitembenuzidwa, sichichapidwa. Chavalidwa ndi ngwazi zitatu. Mukachichapa mwayi usuluka."

"Anasoka apa ndani?"

"Ndinasoka ndekha."

"Zikuoneka. Tayandikirani."

Ndinawakanikiza mfundoyo pansidze ndi chala chachikulu, n'kuisuntha pang'ono uku ndi uku. Anabwerera m'mbuyo, diso likutuluka msozi. Anayang'ana mabanga aja nthawi yaitali.

"Ine ndimati ndikumuteteza," anatero motsitsa mawu.

"Nanenso ndimati ndikumuchiza ndi sipiriti. Tonse talakwa, bambo. Tsopano masiku asanu ndi atatu atsalawa, chisoti ayi, kumenyana ayi. Azimenya thumba lopachikalo, azidumpha chingwe, azithamanga. Akatuluka thukuta tizitsuka n'kumata ina."

"Masiku asanu ndi atatu osamenyana? Achita dzimbiri mwanayu."

"Dzimbiri limachoka, ndimalichotsa tsiku lililonse. Koma dokotala akakana, wakana."

Masiku amene anatsatira sindidzawaiwala. M'mawa uliwonse tinkaima pawindo la chipinda chositira, ine nditasamba m'manja mpaka m'zigongono, kumatula pulasitala pang'onopang'ono ngati ndikutsegula mphatso. Tsiku lachiwiri panalibe magazi. Tsiku lachitatu m'mbali munayamba kuyandikana. Tsiku lachinayi panayamba kuyabwa, ndipo ndinamumenya dzanja kasanu ndi kawiri lisanafike pansidze.

"Amayi, inu ndiye mukanapita kumpikisanoko. Dzanja lanu n'lachangu kuposa langa."

Makasitomala anayamba kufunsa za kabalako asanafunse za masuti awo. Akochi ankaimba foni m'mawa ndi masana, mpaka ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinamatula pulasitala n'kupeza kamzere kofiirira, kosalala, kotseka kuyambira uku mpaka uko. Ndinamupsompsona pamphumi, kutali ndi pamenepo, ndipo anandiuza kuti ndikumuchititsa manyazi ngakhale munalibe munthu.

Tsiku loyezedwa tinafika oyamba, koma anatiitana omaliza. Tinakhala pabenchi m'khonde lalitali, akochi akutafuna chivindikiro cha cholembera. Mnyamata wina anatuluka akulira, bambo ake atamugwira paphewa.

Dokotala anali mayi wosaseka, wa magalasi pansonga ya mphuno. Anamuyeza maso, makutu, mtima, kenako anayatsa katochi n'kuima pansidze paja. Anaika zala ziwiri mbali zonse za kamzereko n'kukoka khungu. Anakokanso.

"Lachitika liti ili?"

"Mwezi wapitawu, adokotala."

"Khungu lake n'lanthete, koma latseka bwino. Mpikisano uli masabata atatu kutsogolo, likhala litakhwima. Muzilitchinga kudzuwa."

Anasaina, chidindo chinagwa papepala kuti phi. Akochi anathokoza kanayi, mpaka anathokozanso munthu wosesa m'khonde. Titangotuluka pageti Kanyundo anandinyamula m'chiuno n'kundizungulitsa pamaso pa anthu odikira basi, nsapato yanga imodzi n'kuuluka.

Atanditsitsa ndinamuyang'ana kumaso, dzuwa likuwala pa kamzere kaja. Chimwemwe chinali chodzaza tsaya, koma mantha nawo anafika nthawi yomweyo. Ndi manja angawa ndinakonza nkhope imeneyi kuti anthu osawadziwa akaiponyere zibakera, ndipo aliyense wa iwo akadzaona chipseracho adzalunjika pomwepo. Misozi inabwera. Ndinamugwira chibwano mwamphamvu.

"Tamvera iwe. Ukamaponya lamanja, lamanzere umalitsitsa. Ndinakuona ndi maso anga. Ukakalitsitsa kumeneko, usadzandipatse moni pobwera."

Akochi anaima nsapato yanga ili m'manja.

"Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikumuuza zomwezo, mayi."

Kanyundo sanaseke. Anakweza chibakera chakumanzere n'kuchiika pambali pa nsidze, ndipo sanachitsitse mpaka basi inafika.