Chala cha Telala

Telala wina ankasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake ngakhale pa nthawi ya kudya. Mwana wake wamkazi, wa chaka ndi miyezi iwiri, ankamutchula kuti Kabatani chifukwa cha kuchepa thupi.

Kuchepako n'komwe kunawalembetsa pa thandizo. Kusikelo nesi anakulunga katepi ka mitundu itatu pamkono wa mwanayo, ndipo kanaima pachikasu. Anawauza kuti pobiriwira ndiye pabwino, koma kakatsikira pofiira mwana amagonekedwa m'chipatala. Kuyambira mwezi umenewo, pafoni ya mayi a Kabatani pankalowa ndalama zogulira chakudya cha mwana ndi cha mayi woyamwitsayo: mazira, mkaka, nyemba, tinsomba.

Telala anafunsa nambala imene pobiriwira pamayambira, n'kuilemba ndi choko pathebulo lake. Loweruka lililonse ankamuyeza mwanayo ndi tepi yake. Patatha miyezi itatu, muyezo unapitirira nambala ija.

"Mayi a mwana, tabwerani muone! Wachira uyu. Ndalama za mwezi uno tigulire lamba wa makina, wakaleyu ndamulumikiza ndi waya kawiri konse."

"Unesi mwauyamba liti, bambo?" anatero mkazi wake uku akusenda dzira. "Tidikire Lachinayi, akatiuze eni ake."

"Zaka makumi awiri ndikuyeza anthu ine! Akwati, aphunzitsi, ngakhale amimba zazikulu. Ndingalephere kamkono aka?"

Lachinayi anatseka makina n'kuwaperekeza kusikelo, kuti akamve yekha nesi akumuvomereza. Pabenchi ponse mwamuna anali iye yekha. Nesi anapinda kamkono ka Kabatani, n'kupeza pakati, n'kukulunga katepi kaja. Kanaima pachikasu, pafupi penipeni ndi pobiriwira.

"Anesi, katepi kanuka kafupika ndi dzuwa," anatero telala.

"Chabwino, atelala. Tayezani inuyo tione."

Anavula tepi m'khosi monyadira, n'kuizunguliza pamkono wa mwanayo, kenaka n'kulowetsa chala pansi pake monga ankachitira masiku onse.

"Nanga chalacho chikufuna chiyani m'menemo?" anafunsa nesi.

"Mpata umenewo. Malaya opanda mpata munthu angapumiremo?"

Amayi a pabenchi paja anafa nacho chiseko. Wina wobereka mapasa anakuwa kuti, "Ndiye wonenepayo ndi chala chanu, achimwene! Chipatseni mkaka chipitirize!"

Telala anasekako pang'ono chabe. Anaganiza za mazira a mwezi wathunthu amene akanawasandutsa lamba, mwana akadali pachikasu. Anayang'ana mkazi wake, akudikira mawu olasa. Mayiyo anangomupatsira mwana kuti amunyamule.

"Musagwe mphwayi," anatero nesi akulemba m'kabuku. "Wakwera kwambiri poyerekeza ndi poyamba. Pitirizani momwemo, ndipo amayiwa azidyanso, asamangopatsa mwana zonse."

Pobwerera anadzera kumsika. Telala anasankha mazira yekha, lililonse akuliunika padzuwa ngati nsalu yokayikitsa, mpaka wogulitsa anamufunsa ngati akufuna kuwasoka.

Mwezi wotsatira anapitanso. Anaima patali pang'ono, manja ali kumbuyo, khosi lokha atalisolola. Nesi anakoka katepi bwinobwino, ndipo kanaima pobiriwira.

"Tayezaninso, anesi," anatero chapansipansi.

Nesi anayezanso. Panali pobiriwira pomwepo. Kabatani, amene sankadziwa kanthu za mitundu, anali kalikiliki kutafuna kolala ya bambo ake.