Wosesa pa Kachisi Wopanda Denga

"Ababa, Mulungu akasamuka, nyumba yake amasiyira ndani?"

Mwana wawo wamkazi anafunsa zimenezi asanayambe n'sukulu yomwe, ataona chithunzi cha kachisi wogumuka pa kalendala ya m'shopu yawo yosokera. A Telala sanayankhe, anali ndi mapini pakamwa.

Tsopano mwanayo anali namwino kudziko lakutali, ndipo anawaitanitsa kuti akawakonze maso. Maso atayamba kuona, nkhani inatuluka: asakakhalenso okha, nyumba igulitsidwe. Iwo ankangoti tiona. Nyumbayo anamanga ndi malemu akazi awo, mayiwo akupatsira njerwa. Makiyi anasiyira a Mawaya, aneba awo okonza zamagetsi, omwe ankakangana nawo chaka ndi chaka chifukwa cha mtengo wa mapeyala wogwetsera masamba kuseri kwa mpanda.

Loweruka lina mwanayo anawatengera kukachisi wakale pamwamba pa phiri. Denga panalibe. Masitepe amwala anali okumbika pakati, mapazi a anthu atawadya. Opembedza anatha kalekale, koma pansi panali mbee, mizere ya tsache ikuoneka. Pakona, mkulu wina ankazula udzu m'ming'alu ndi mpeni wobuntha.

A Telala anatuma mwana wawo kukafunsa ngati mkuluyo ndi wansembe kapena waganyu. Mkuluyo anaseka, naloza kanyumba kogundana ndi khoma la kachisiyo. Akuti ankangokhala pafupi basi, ndipo tulo sitingabwere pakhomo pa mnzako pakumera thengo.

"Yankho lako lija ndi limeneli," anatero a Telala. Mwanayo anali ataiwala ndi funso lomwe.

A Telala atabwerera kwawo anapeza bwalo losesedwa, makina osokera atathiridwa mafuta, babu lakufa la pakhonde litasinthidwa.

"Masamba anuwa andithyola msana, achimwene," anadandaula a Mawaya powapatsa makiyi.

A Telala anawagwira dzanja ndi manja awiri. Kenaka anawabwezera makiyiwo. Anawauza kuti kwa mwana akakhaladi, poti thupi latopa, koma nyumba sagulitsa.

"Mapeyala onse ndi anu, aneba. Mtengo wokha musadule."

"Ndidule, ndizikangana ndi ndani?" anatero a Mawaya, akuponya makiyi m'thumba la ovololo. "Pitani. Mawindo ndizitsegula m'mawa uliwonse mpaka mudzabwere."